ZA UMOYO: KUTUPA KWA MITSEMPHA YA MAGAZI MWA ODWALA ZILONDA ZA M'MATUMBO AAKULU

Munthu akamacita cimbudzi ca magazi, ambiri amangoti ndi kamwazi. Akatuluka timadontho tofiira m'miyendo amati walumidwa ndi nsikidzi kapena utitiri, mwinanso amati anaponda mankhwala panjira. Nthawi zambiri mabvuto awiriwa sagwirizana konse. Koma pali odwala ena owerengeka amene cimbudzi ca magazi ndi timadontho ta m'miyendo zimacokera pa gwero limodzi, ndipo ngati izi sizidziwika msanga, impso, maso kapena ubongo wa wodwalayo zingathe kuonongeka kotheratu. Phunziro la sabata ino lifotokoza nthenda ya zilonda za m'matumbo aakulu, imene madokotala amaicha ulcerative colitis, ndiponso bvuto lina losaoneka kawirikawiri limene limatsagana nayo. Bvutoli ndi kutupa kwa mitsempha ya magazi, ndipo dzina lake la kucipatala ndi vasculitis.

KODI ULCERATIVE COLITIS N'CIANI?

Cakudya cikacoka m'cifu cimalowa m'matumbo aang'ono, m'mene cimagayidwa n'kulowa m'magazi. Zotsala zimapita m'matumbo aakulu, amene kutalika kwake ndi pafupifupi mita imodzi ndi theka. Nchito ya matumbo aakulu ndi kuyamwa madzi ndi mcere ndi kuumba cimbudzi.

Ulcerative colitis imagwira khungu la m'kati mwa matumbo aakuluwa. Imayambira kumapeto kwenikweni, pafupi ndi kotulukira cimbudzi, n'kumakwera m'mwamba mosalumpha malo. Kwa ena imathera comweco kumunsi, kwa ena imakwera mbali ya kumanzere kwa mimba, ndipo kwa ena imagwira thumbo lonse. Khungu la m'katilo limafiira, limatupa, limacita tizilonda tosaya ndipo limakha magazi ngakhale litangokhudzidwa pang'ono.

Zizindikiro zake zazikulu ndi izi:

1. Kutsegula m'mimba kwa masabata kapena miyezi, cimbudzi cosakanizika ndi magazi ndi zonanda.
2. Kumva cimbudzi mwadzidzidzi kotero kuti munthu salimba kudikira, ngakhale pakati pa usiku.
3. Kumva ngati cimbudzi catsalira pamene munthu wangocoka kumene kucimbudzi.
4. Kupotokola kwa m'mimba, makamaka kumunsi ca kumanzere.
5. Kufooka, kucepa magazi, kuonda, ndipo nthawi zina kutentha thupi.

Nthendayi imabwera ndi kupita. Munthu angakhale bwino miyezi ingapo kapena zaka, kenaka n'kuyambanso. Kawirikawiri imayamba pakati pa zaka 15 ndi 30, koma ingayambe pa msinkhu uliwonse, mwa amuna ndi akazi omwe. Siipatsirana. Munthu sangaitenge mwa kudyera mbale imodzi ndi wodwala, kugona naye kapena kumucapira zobvala.

Gwero lake liri m'citetezo ca m'thupi. Asilikali a m'thupi, amene nchito yao ndi kumenyana ndi tizirombo toyambitsa matenda, amasokonezeka n'kuyamba kuononga khungu la m'matumbo a mwini wake. Cibadwa ca kumtundu, tizirombo tabwino timene timakhala m'matumbo ndi kakhalidwe ka munthu zonse zimatengako mbali. Dokotala wa ku London dzina lake Samuel Wilks ndiye anaifotokoza m'caka ca 1859 monga nthenda yosiyana ndi kamwazi. Kwa zaka zambiri inkaonedwa ngati nthenda ya ku Ulaya ndi ku North America cabe, koma tsopano ikupezeka moculukirapo ku Asia, ku South America ndi muno mu Africa.

KUSIYANA KWAKE NDI KAMWAZI

Kuno ku Zambia, munthu wocita cimbudzi ca magazi kawirikawiri amakhala ndi tizirombo m'matumbo. Akuluakulu akumbukira mliri wa kamwazi wa tizirombo ta Shigella umene unabvuta dziko lino kuciyambi kwa zaka za m'ma 1990. Tizirombo ta amoeba, likodzo la m'matumbo, TB ya m'matumbo, matenda obwera kaamba ka kucepa kwa citetezo mwa munthu wa HIV, ndiponso khansa ya m'matumbo, zonsezi zimatulutsa magazi m'cimbudzi. N'cifukwa cake a cipatala amayamba afufuza zimenezi.

Kamwazi wa tizirombo ta Shigella amayamba mwadzidzidzi, amagwira anthu angapo pa mudzi kapena pa nyumba imodzi, ndipo amatha m'masiku owerengeka. Ulcerative colitis imagwira munthu mmodzi, imatenga nthawi, ndipo imabwereranso ngakhale wodwala atamwa mankhwala a kamwazi kawiri kapena katatu. Munthu amene wakhala akucita cimbudzi ca magazi kupitirira mwezi umodzi, atamwa mankhwala mokwanira ndipo tizirombo sitikupezeka m'cimbudzi cake, afunika kutumizidwa kucipatala cacikulu. Kumeneko dokotala amalowetsa kapaipi kofewa ka kamera kudzera kumunsi, n'kuona m'kati mwa thumbo ndi kutapa kanyama kakang'ono kokapima. Kupima kumeneku kumachedwa colonoscopy, ndipo ndiko kumatsimikiza nthendayi.

NTHENDA YOSATHERA M'MATUMBO MOKHA

Popeza bvuto liri m'citetezo ca thupi lonse, ziwalo zina nazonso zimakhudzidwa. Pafupifupi wodwala mmodzi mwa atatu kapena anai alionse amaona bvuto lina kunja kwa matumbo. Lofala kwambiri ndi kupweteka ndi kutupa kwa mfundo za mafupa, monga maondo, akakolo ndi msana. Ena amatuluka zotupa zofiira zopweteka pa msoolo wa mwendo, ena zilonda zazikulu zosapola msanga, ena amafiira maso, ndipo ena njira za ndulu m'ciwindi zimacepa.

Kutupa kwa mitsempha ya magazi kuli m'gulu lomweli, koma ndi kosowa kwambiri. Odwala ulcerative colitis oculuka sadzakumana nako moyo wao wonse. Cifukwa cophunzirira bvuto losowa cotere n'cakuti likabwera limabisala m'zizindikiro zooneka zazing'ono, pamene m'kati likuononga ziwalo zimene sizibwerera mwakale.

MMENE MITSEMPHA IMATUPIRA

Magazi amayenda m'mitsempha ya mitundu itatu. Pali mitsempha yocotsa magazi kumtima kupita ku ziwalo, pali yobweza magazi kumtima, ndipo pakati pake pali timitsempha tating'ono kwambiri tosaoneka ndi maso. Mtsempha waukulu kuposa yonse umachedwa aorta. Umacoka pamtima penipeni ndipo nthambi zake zimapita kumutu, kumanja, ku impso, kumatumbo ndi kumiyendo.

Mlimi wa m'dimba adziwa zimene zimacitika paipi yothirira ikaonongeka. Ikabooka, madzi amatayikira panjira. Ikaphwanyika kapena kutsekeka, mbeu za kumapeto kwa bedi zimafota. Mtsempha wa magazi ndi cimodzimodzi. Asilikali a m'thupi akaukira cikopa ca mtsempha, cikopaco cimatupa ndipo pamacitika cimodzi mwa zinthu zitatu: mtsempha umadontha magazi, kapena njira yake imacepa mpaka kutsekeka, kapena cikopa cimafooka n'kufufuma ngati cubu ca njinga. Zizindikiro zimadalira kukula kwa mtsempha umene wagwidwa ndi ciwalo cimene mtsemphawo umadyetsa.

MITUNDU IMENE IMAONEKA MWA ODWALA ULCERATIVE COLITIS

1. Timitsempha ta pakhungu. Uwu ndi mtundu wosabvuta kuuona. Tinthu ta citetezo timaundana n'kumatirira m'timitsempha ta pakhungu, asilikali oyera a m'magazi amathamangira pamenepo, ndipo kamtsemphako kamadontha. Wodwala amatuluka timadontho toculuka m'miyendo yonse iwiri, kuyambira kumapazi ndi akakolo kukwera m'mwamba, nthawi zina mpaka m'nchafu ndi m'matako. Timakonda kumiyendo cifukwa ndiko magazi amatsikira munthu akaimirira. Pa khungu loyera timaoneka tofiira, koma pa khungu lakuda timaoneka toderapo kapena tofiirira, ndipo timadziwika bwino popapasa cifukwa timakhala totukuka pang'ono. Tingathe kunyereza, kuotcha kapena kusamveka konse. Tina timasanduka matuza kapena tizilonda, ndipo mapazi amatupa.

Pali njira yapafupi yoyesera. Munthu atenge tambula ya galasi yoonekera n'kuikanikiza pa timadonthoto pa malo owala bwino. Zidzolo wamba ndi polumidwa ndi tizirombo zimazimirira zikakanikizidwa. Timadontho ta magazi otayikira pansi pa khungu sitizimirira. Kwa odwala ena timadonthoti timatuluka nthawi imene m'mimba mwabvuta, ndipo kwa ena timayamba kutuluka miyezi ingapo nthenda ya m'matumbo isanadziwike.

2. IgA vasculitis. Mtundu uwu unkadziwika ndi maina a madokotala awiri a ku Germany, Schönlein ndi Henoch, amene anaufotokoza m'zaka za m'ma 1800. Umagwira kwambiri ana, koma ukagwira wamkulu umaopsa impso. Kuonjezera pa timadontho ta m'miyendo, wodwala amamva kupweteka m'mfundo ndi m'mimba, ndipo magazi amapezeka m'mkodzo kapena m'cimbudzi. Popeza zizindikiro za m'mimbazi zimafanana ndi za ulcerative colitis, n'kosabvuta kuganiza kuti nthenda yakale ija yangobwerera.

3. Mitsempha ikuluikulu. Mtundu uwu umachedwa nthenda ya Takayasu, potengera dzina la dokotala wa maso wa ku Japan, Mikito Takayasu, amene anaufotokoza mu 1908. Umagwira aorta ndi nthambi zake zazikulu, ndipo odwala ambiri ndi akazi osafika zaka 40. Kugwirizana kwake ndi ulcerative colitis kunaoneka bwino ku Japan, kumene kafukufuku wofalitsidwa mu 2015 anapeza kuti mwa odwala Takayasu 470, odwala 30 anali ndi ulcerative colitis, ndiko kuti pafupifupi 6 mwa 100 alionse. Nthenda ziwirizi zinapezekanso kuti ziri ndi cizindikiro cimodzi ca cibadwa cochedwa HLA-B52. Kawirikawiri nthenda ya m'matumbo ndiyo imayamba, ya mitsempha n'kubwera pambuyo.

Takayasu imayamba mwakacetecete ndi kutopa, kutentha thupi pang'ono, kuonda ndi kupweteka m'khosi. Mitsempha ikayamba kucepa, mkono umodzi umalema msanga ndi kupweteka pogwira nchito. Mwacitsanzo, mayi amene kale ankasinja, kucapa kapena kutunga madzi popanda bvuto amaona kuti mkono umodzi ukufooka pakangopita mphindi zocepa, n'kukhalanso bwino akapumula. Dzanja la mbali imeneyo limazizira, kugunda kwa mtsempha wa padzanja kumamveka pang'ono kapena osamveka konse. Ena amacita cizungulire kapena cidima m'maso akaimirira. Mtsempha wopita ku impso ukacepa, BP imakwera kwambiri mwa munthu wacicepere.

4. Timitsempha ta m'impso, m'mapapo ndi m'mphuno. Mtundu uwu ndi woopsa ngakhale kuti ndi wosowa kwambiri. Wodwala amakhala ndi cimfine cosatha ca magazi ndi nkhanambo m'mphuno, amatsokomola magazi, amabanika, ndipo impso zingaleke kugwira nchito m'masabata owerengeka. Pali ena amene amacita dzanzi kapena kufooka kwa phazi kapena dzanja limodzi, cifukwa timitsempha todyetsa minyewa tatsekeka. Kuno kwathu munthu wotsokomola magazi amayamba wapimidwa TB, ndipo n'koyenera, koma TB ikapanda kupezeka kufufuza kusathere pomwepo.

5. Mitsempha ya mu ubongo ndi m'maso. Zizindikiro zake ndi mutu wopweteka kwambiri mosiyana ndi masiku onse, kusokonezeka maganizo, kukomoka ngati khunyu, kufa ziwalo mbali imodzi, kulephera kulankhula, kapena kusaona mwadzidzidzi.

6. Wobwera ndi mankhwala. Nthawi zina mankhwala omwewo ocizira matumbo ndiwo amabutsa bvutoli. Zimenezi zaonekapo ndi sulfasalazine, mesalazine ndi majekiseni atsopano monga infliximab ndi adalimumab. Mankhwala ena wamba, monga penicillin, septrin ndi brufen, naonso angatulutse timadontho totere mwa munthu aliyense. N'cifukwa cake wodwala afunika kuchula mankhwala onse amene wamwa, ngakhale ogula pa kantemba kapena azitsamba.

MATENDA ENA OFANANA NAKO

Si kadontho kalikonse ka pamwendo kamene kali vasculitis. Timadontho tosazimirira tobwera pamodzi ndi kutentha thupi kwambiri, mutu ndi kuuma khosi tingakhale cizindikiro ca meninjaitisi, imene imapha m'maola ocepa. Kucepa kwa tizigawo ta magazi tothandiza kuti magazi aundane kumatulutsanso timadontho, koma tosatukuka, pamodzi ndi kukha magazi m'nkhama ndi kamfuno. Khansa ya pakhungu ya Kaposi, imene imaoneka kwambiri mwa anthu a HIV, imatulutsa zigamba zakuda zolimba zimene zimakula pang'onopang'ono pa miyezi. Ndiponso HIV, hepatitis B ndi hepatitis C pazokha zingathe kutupitsa mitsempha.

Bvuto lina loyenera kulisiyanitsa ndi kuundana kwa magazi m'mitsempha yobweza magazi kumtima. Ili ndi lofala kwambiri kuposa vasculitis. Odwala ulcerative colitis amakumana nalo kawiri kapena katatu kuposa anthu ena, makamaka nthenda ikabuka ndipo ali gone. Mwendo umodzi umatupa, umatentha ndi kupweteka m'katumba. Cibuma ca magazico cikathothoka n'kupita kumapapo, munthu amabanika mwadzidzidzi ndi kumva kubaya m'cifuwa. N'cifukwa cake wodwala wogonekedwa m'cipatala amabayidwa jekiseni woletsa magazi kuundana ngakhale akucita cimbudzi ca magazi. Abale asadabwe nazo zimenezi.

ZIMENE A CIPATALA AMAPIMA

Zambiri zofunika zingathe kucitika pa kiliniki ya kumudzi popanda makina odula.

Coyamba ndi mkodzo. Kapepala koviika m'mkodzo kamaonetsa m'mphindi ziwiri ngati muli magazi kapena puloteni. Impso zimaonongeka popanda kupweteka, ndipo mkodzo ungaoneke woyera pamene muli kale magazi osaoneka ndi maso. Wodwala aliyense wa timadontho tosazimirira afunika kupimidwa mkodzo.

Caciwiri ndi BP, ndipo ipimidwe pa mikono yonse iwiri. Ngati nambala ya pamwamba isiyana kupitirira 10 pakati pa mkono wamanja ndi wamanzere mobwerezabwereza, pafunika kufufuza. Wopimayo amvenso kugunda kwa mitsempha ya m'manja, m'khosi ndi kumapazi, ndi kumvetsera ndi cipangizo comvera m'cifuwa ngati pali mkokomo pa mitsempha ya m'khosi ndi pamimba. Kupima mkono umodzi cabe kumanyenga, cifukwa mkono wa mtsempha wocepa umaonetsa BP yotsika pamene BP yeniyeni ya munthuyo iri pamwamba.

Cacitatu ndi magazi: kuculuka kwake, mmene impso ndi ciwindi zikugwirira nchito, mlingo wa kutupa m'thupi, ndiponso HIV ndi hepatitis. Pali kupima kwina kochedwa ANCA kumene kumathandiza kudziwa vasculitis ya m'impso ndi m'mapapo. Koma pamenepa pafunika cheru, cifukwa odwala ulcerative colitis oposa theka amapezeka ndi mtundu wina wa ANCA m'magazi popanda kutupa kwa mitsempha kulikonse. Pepala la zotsatira palokha silitanthauza kuti munthu ali ndi vasculitis.

Kutsimikiza kwenikweni kumacitika podula kacikopa kakang'ono pa kadontho katsopano, kamene sikanathe masiku awiri, n'kukapima pa makina oonera tinthu tating'ono. Mitsempha ikuluikulu imaonedwa ndi sikani ya ultrasound, CT kapena MRI. Wodwala wa kuno kum'mawa amayambira pa kiliniki, n'kutumizidwa kucipatala ca pa boma, kenaka ku zipatala zokulirapo monga Chipata Central kapena St Francis ku Katete, ndipo pakafunika akatswiri a matumbo, impso kapena mitsempha amatumizidwa ku UTH ku Lusaka. Kalata yotumizira ndi mapepala onse a zopima zakale asungidwe bwino ndi kunyamulidwa ulendo uliwonse.

KACIZIDWE KAKE

Maziko a cithandizo ndi kukhazika pansi nthenda ya m'matumbo. Mankhwala oyambira ndi mesalazine kapena sulfasalazine. Sulfasalazine ndi mankhwala akale amene dokotala wacizimai wa ku Sweden, Nanna Svartz, anayamba kugwiritsa nchito ca m'ma 1940. Amasandutsa mkodzo kukhala wacikasu kwambiri, zimene sizoopsa, amafunika kumwedwa pamodzi ndi folic acid, ndipo munthu amene thupi lake limakana septrin kapena fansidar afunika kunena asanayambe.

Nthenda ikabuka mwamphamvu amapereka prednisolone. Kwa wamkulu kawirikawiri amayambira pa 40 mg pa tsiku n'kumacepetsa pang'onopang'ono pa masabata pafupifupi 8. Madokotala awiri, Truelove ndi Witts, ndiwo anaonetsa mu 1955 ku Britain kuti mankhwala a mtundu umenewu amathandiza pa nthendayi, ndipo muyeso wao ukali kugwira nchito: wodwala wocita cimbudzi ca magazi ka 6 kapena kuposa pa tsiku, pamodzi ndi kutentha thupi kopitirira 37.8, kapena mtima wogunda kupitirira ka 90 pa mphindi, kapena magazi ocepa kwambiri, afunika kugonekedwa ndi kulandira mankhwala a m'diripi.

Vasculitis ya pakhungu lokha kawirikawiri imatha m'masabata ocepa matumbo akakhala bwino. Wodwala apumule, asaimirire nthawi yaitali, ndipo aziika miyendo pamwamba akakhala pansi. Ngati mankhwala ena ndiwo abutsa, dokotala amawasintha. Koma impso, mapapo, ubongo, maso kapena mitsempha ikuluikulu zikagwidwa, pamafunika prednisolone wamphamvu pamodzi ndi mankhwala ena ocepetsa ukali wa citetezo, monga azathioprine, methotrexate, cyclophosphamide kapena rituximab, malinga ndi mtundu wake. Mtsempha waukulu umene wacepa kwambiri ungakonzedwe ndi opaleshoni kutupa kukazizira. Kucotsa thumbo lalikulu lonse kumathetsa nthenda ya m'matumbo pamene mankhwala alephera, koma sikutsimikiza kuti nthenda ya mitsempha ikuluikulu itha, motero wodwalayo apitirizebe kuonedwa.

Mankhwala onsewa amafooketsa citetezo ca m'thupi, ndipo apa ndi pamene pagona ngozi kuno kwathu. Prednisolone akaperekedwa kwa munthu amene ali ndi amoeba m'matumbo osati ulcerative colitis, thumbo lingathe kubooka. Akaperekedwa kwa munthu amene ali ndi TB kapena hepatitis B yobisala, nthendayo imadzuka. N'cifukwa cake cimbudzi, cifuwa ndi magazi zifunika kupimidwa mankhwalawa asanayambidwe kapena pongoyamba pomwe. Prednisolone womwa nthawi yaitali amakwezanso shuga ndi BP, amatupitsa nkhope ndi kufooketsa mafupa. Sayenera kugulidwa mwacisawawa, ndipo munthu amene wamwa kwa masabata angapo asaleke mwadzidzidzi, cifukwa BP ingagwe n'kumuika pa ngozi ya imfa.

Mayi amene afuna kutenga pathupi auze dokotala pasadakhale. Methotrexate ndi cyclophosphamide amaononga mwana wosabadwa, pamene mesalazine ndi sulfasalazine angapitirizidwe pa nthawi ya pakati.

ZOYENERA KUCITA WODWALA NDI ABALE

1. Kumwa mankhwala a matumbo tsiku ndi tsiku ngakhale munthu akumva bwino. Ambiri amabwerera m'mbuyo cifukwa coleka mankhwala magazi atangosiya kutuluka.
2. Kuyang'ana miyendo ndi mapazi posamba, ndi kuona mtundu wa mkodzo. Mkodzo wofiira, wooneka ngati tiyi wopanda mkaka kapena wa thobvu lambiri ndi wofunika kukapimitsa.
3. Amene anatulukapo timadontho apitirize kupimitsa mkodzo ndi BP kwa miyezi 6 ngakhale khungu litayera, cifukwa impso zingagwidwe mocedwa.
4. Kupewa brufen, diclofenac ndi mankhwala ofanana nao. Amabutsa matumbo ndi kulemetsa impso. Pa zopweteka wamba panado ndiye woyenera.
5. Kusamwa mapiritsi oimitsa kutsegula m'mimba pamene cimbudzi ciri ndi magazi, cifukwa thumbo lingathe kufufuma moopsa.
6. Kumwa madzi a moyo ndi zakumwa zina zambiri m'mimba mukatseguka. Palibe cakudya cimene cimayambitsa nthendayi, ndipo wodwala asadzimane nsima, phala, nsomba, mazira ndi ndiwo zamasamba zophika bwino. Pa nthawi imene m'mimba mwabvuta, cimanga cokazinga, tsabola ndi mowa zimaonjezera mabvuto.
7. Kusatemera mphini pa timadontho kapena pa mwendo wotupa. Khungu limene mitsempha yake yatupa silipola msanga, ndipo mwa munthu womwa prednisolone kabala kakang'ono kangasanduke cilonda cacikulu.
8. Kuleka fodya, popeza amaononga mitsempha imene iri kale pa bvuto.
9. Amene wakhala ndi nthendayi zaka 8 afunse za kupimidwanso m'matumbo ndi kamera, cifukwa kutupa kwa zaka zambiri kumaonjezera ngozi ya khansa ya m'matumbo.

ZIZINDIKIRO ZOSAYENERA KUDIKIRA MAWA

Wodwala atengeredwe kucipatala tsiku lomwelo ngati aona cimodzi mwa izi: timadontho tosazimirira pamodzi ndi kutentha thupi, mkodzo wa magazi kapena wocepa kwambiri, ndi kutupa nkhope ndi mapazi, kutsokomola magazi kapena kubanika, kusaona mwadzidzidzi kapena diso lofiira lopweteka, mutu woopsa, kukomoka, kupindika kamwa kapena kufa kwa mkono ndi mwendo, cala ca kumanja kapena kuphazi cozizira, copweteka ndi cosintha mtundu, mwendo umodzi wotupa, mimba yofufuma yopweteka kwambiri.

Nthenda ya cimbudzi ca magazi imacititsa manyazi, ndipo ambiri amaibisa ngakhale kwa akazi kapena amuna ao. Akafika kucipatala ndi timadontho m'miyendo amaonetsa miyendo yokha, za m'mimba osachula. Wina amapita ndi bvuto la m'mimba koma osabvula nsapato kuti aonetse mapazi. Motero wopima amaona theka la nthenda, ndipo mankhwala amene amapereka amakhala a theka lomwelo. Wodwala ulcerative colitis azichula nthendayi ndi mankhwala ake kwa wa zaumoyo aliyense amene wakumana naye, kaya wapita kaamba ka diso, khungu, mkono kapena mutu. Naye wa zaumoyo akaona timadontho tosazimirira afunse za cimbudzi, apime mkodzo, ndipo apime BP mikono yonse iwiri. Zinthu zitatuzi sizitenga mphindi 10, koma zingapulumutse impso za munthu amene akali ndi zaka zambiri zolera ana ndi kulima munda wake.